PHUNZIRO LA ALIMI A NSOMBA: MPWEYA WA M'DZIWE NDI MAKINA OYENDERA DZUWA

Mlimi amene anapezapo dziwe lake litayera ndi mimba za nsomba m'mawa saiwala tsiku limenelo. Dzulo lake nsomba zinali kudya bwino, madzi anali obiriwira monga mwa masiku onse, ndipo panalibe chizindikiro cha matenda. Kutacha, zazikulu zonse ziri chagada pamwamba pa madzi, zotsala ziri kukamwa yasa m'mphepete. Pamenepo pamudzi payamba manong'onong'o. Wina ati munthu wa njiru wathira mankhwala usiku, wina ati n'zamatsenga, ndipo anthu amene pa Mulungu anakhala pa benchi limodzi m'tchalitchi aleka kupatsana moni. Zothira mankhwala zimachitika ndithu nthawi zina, koma kawirikawiri nsomba zotere sizinaphedwe ndi munthu ayi. Zabanika. Mpweya unatha m'madzi usiku, mwini dziwe ali m'tulo.

Phunziro lino liri la Akhristu a m'maparishi a m'boma la Ntcheu amene ali ndi maiwe, kapena madamu monga ambiri awatchera, makamaka miphakati ndi mabungwe amene aganiza zosonkha ndalama kuti agule makina opopera mpweya m'madzi ndi mphamvu ya dzuwa. Akatekisiti ayenera kulimvetsa bwino, pakuti milandu ya ndalama za gulu ndi milandu yonamizirana imayamba yafika kwa iwo isanapite kwa Abambo Mfumu kapena kwa anyakwawa.

Ulimi wa nsomba si wachilendo m'Malawi. Unayamba kuyesedwa m'zaka za m'ma 1950 ku Nchenachena m'boma la Rumphi ndi ku Domasi m'boma la Zomba, kumene mpaka lero kuli likulu la boma lophunzitsira ntchitoyi, ndipo ku Bunda nakonso amaphunzitsa za nsomba. Nsomba zimene alimi aweta ndi za m'dziko momwe muno: makumba, chilunguni, chambo ndi mlamba. Anthu a ku mapiri a Tsangano, Lizulu ndi Nzama ali kutali ndi nyanja, ndipo usipa ukafika pamsika umakhala utakwera mtengo, chifukwa chake dziwe la pakhomo liri ndiwo za ana, lirinso ndalama za sukulu.

Nsomba ipuma bwanji?

Nsomba ifuna mpweya womwewo umene munthu afuna, umene asayansi autcha okosijeni. Kusiyana kwake n'kwakuti nsomba iutenga utasungunuka m'madzi, monga mchere usungunukira mu ndiwo. Tsono madzi sasunga mpweya wambiri. M'lita imodzi ya madzi ozizira bwino, a madigiri 20, mulowa mamiligalamu 9 okha a okosijeni, pamene m'lita imodzi ya mpweya wa panja muli wochuluka pafupifupi ka 30. Madziwo akatentha kufika madigiri 30, asunga mamiligalamu 7 ndi theka basi. Ndiponso kumapiri mpweya uli wopepuka, kotero kuti dziwe lokhala pamtunda wa mamita 1,000 lisunga wocheperapo ndi gawo limodzi mwa magawo khumi polinganiza ndi dziwe la kugombe la nyanja yamchere. Makumba ndi chambo zikula bwino okosijeni akakhala pa mamiligalamu 5 kapena kuposa. Akatsika pansi pa 3 zileka kudya bwino, ndipo akakhala pansi pa 1 kwa maola angapo ziyamba kufa.

Nanga mpweya umenewu ulowa bwanji m'dziwe? Pang'ono ulowa ndi mphepo yokankha madzi pamwamba, koma wambiri upangidwa ndi ndere zazing'onozing'ono zosaoneka ndi maso, zimene zibiriwiritsa madzi. Nderezi ziri zomera monga chimanga. Dzuwa likawala zitulutsa okosijeni, ndipo pofika 3 koloko masana madzi akhala atakhuta. Dzuwa likalowa zileka kutulutsa, koma sizileka kupuma. Usiku wonse ndere zipuma, nsomba zipuma, tizilombo toola manyowa ndi madeya otsala pansi tipumanso, ndipo palibe chobwezera. Mpweya utsika pang'onopang'ono kuyambira madzulo, nufika pansi penipeni m'bandakucha, atambala atalira, dzuwa lisanatuluke.

Apa ndiye pagona nkhani yonse ya makina a dzuwa. Nthawi imene dzuwa lipatsa magetsi ambiri ndiyo nthawi imene dziwe silisowa mpweya, ndipo nthawi imene nsomba zibanika ndiyo nthawi imene kulibe dzuwa ngakhale pang'ono. Amalonda ena agulitsa makina otsika mtengo, a sola ndi pampu pokha, opanda batire. Makina otere abwatitsa madzi masana, anthu odutsa naima kuwasirira, koma dzuwa likapendeka aleka. Sali opanda ntchito konse, pakuti asakaniza madzi apamwamba okhuta mpweya ndi madzi apansi, ndipo potero dziwe liyamba usiku liri ndi nkhokwe yokulirapo. Koma pa ora la ngozi akhala ali chete. Ngakhale malo aakulu opangira magetsi a dzuwa a ku Golomoti m'boma la Dedza, a ma megawatt 20, amene anayamba ntchito m'chaka cha 2022, anawamanga pamodzi ndi mabatire, chifukwa cha vuto lomweli la kulowa kwa dzuwa. Akhristu adziwa fanizo la anamwali khumi la m'mutu 25 wa Mateyo Woyera. Onse khumi anali ndi nyale, ndipo chimene chinawasiyanitsa chinali mafuta osungira pakati pa usiku. Pa makina awa sola iri nyale yooneka ndi onse, batire ndilo mafuta.

Kodi dziwe lirilonse lifuna makina?

Iyayi. Dziwe la pamudzi la mamita 20 m'litali ndi 10 m'lifupi, lokhala ndi nsomba ziwiri kapena zitatu pa mita iriyonse ya bwalo lake, lodyetsedwa madeya ndi masamba mwa muyezo, kawirikawiri lidzipezera lokha mpweya wokwanira. Mwini dziwe lotere achita bwino kugula mbewu yabwino ya nsomba ndi kukonza ngalande yake, osati kutenga ngongole ya makina. Makina ayamba kufunika pamene gulu lichulukitsa nsomba kufika zisanu kapena kuposa pa mita, nilidyetsa chakudya chogula cha m'matumba, kapena pamene madzi a mumngalande aphwa m'chilimwe kotero kuti sangathe kusintha madzi a m'dziwe. Afunikanso kwa amene aswetsa tiana ta nsomba togulitsa, pakuti tikhala tothinana.

Malo nawonso asiyana. Ku chigwa cha Bwanje ndi Sharpevale, kumene mwezi wa Okutobala ndi Novembala kutentha kosagoneka, ngozi iri yaikulu. Madzi otentha asunga mpweya wochepa, nsomba m'madzi otentha zipuma msanga, ndipo zoola pansi ziola msanga. Ku Tsangano m'mwezi wa Juni ndi Julayi nkhani iri ina. Madzi ozizira asunga mpweya wambiri, nsomba zidya pang'ono, ndipo kuvundula madzi usiku wa chisanu kungowaziziritsa koposa. Kumeneko m'miyezi yozizira makina angapume masiku ambiri.

Pali masiku ena oopsa paliponse. Oyamba ndi masiku a mitambo yotsatizana, pamene ndere sizinaone dzuwa lokwanira. Achiwiri ndi a mvula yoyamba yamphamvu itagwa pambuyo pa kutentha kwa nthawi yaitali: madzi a mvula ozizira amira pansi, natukula madzi akuda opanda mpweya amene anagona pamatope, ndipo dziwe lonse lisokonezeka pa ora limodzi. Achitatu ndi masiku otsatira kuthira manyowa ochuluka. Muyezo wake uli pa mkono wa munthu. Mlimi amize mkono m'madzi masana. Chikhatho chikabisika pamene madzi afika pa chigongono, dziwe liri bwino. Chikabisika madzi asanapitirire pakati pa mkono, ndere zachuluka, ndipo aleke manyowa kufikira madzi atayerako.

Ziwalo za makina ndi masamu ake

Makina athunthu ali ndi sola yosandutsa kuwala kukhala magetsi, batire losunga magetsiwo, kabokosi kolamulira kalowedwe ndi katulukidwe ka moto kamene amalonda akatcha controller, pampu yopopa mpweya, ndi paipi yopita m'madzi yokhala ndi mwala wa timabowo kunsonga kwake, umene ugawa mpweya kukhala thovu laling'ono. Palinso tinthu tiwiri totsika mtengo timene ambiri aiwala: fyuzi, ndi kavalavu koletsa madzi kubwerera m'paipi.

Gulu lisanapite kusitolo liyambe lawerenga, ndipo liyambire pa pampu, osati pa sola. Poyerekeza, pampu ya ma volt 12 yodya ma watt 40 ikayenda maola 8, kuyambira 10 koloko usiku kufikira 6 koloko m'mawa, idya 40 kuchulukitsa ndi 8, ndiwo ma watt-hour 320 usiku umodzi. Batire la ma volt 12 lolembedwa 100 Ah lisunga 1,200. Koma batire la mtovu ndi asidi siliyenera kukhuthulidwa kupitirira theka, pakuti likamakhuthulidwa mpaka pansi lifa pa miyezi yochepa. Tsono zogwiritsa ntchito ziri 600 zokha, zokwanira usiku umodzi ndi mbali yaikulu ya wachiwiri kukachita mitambo. Batire la 50 Ah pa pampu yomweyi lipatsa 300, ndipo lidzakomoka dzuwa lisanatuluke, pa ora lenileni limene analigulira.

Sola nayo iwerengedwa motere. M'dziko lino dzuwa lamphamvu liwerengedwa ngati maola 5 pa tsiku, ndipo pafupifupi magawo atatu mwa khumi atayika ndi kutentha, fumbi, mawaya ndi batire lomwe. Sola ya ma watt 100 ibweza ngati 350, zongokwanira kubweza za usiku wathawo popanda chotsala. Ya ma watt 150 ibweza ngati 525, ndipo iyi ndiyo ingadzazenso batire pambuyo pa masiku a mitambo. Gulu likapereweredwa ndalama, kuli bwino kugula pampu yocheperapo ndi batire lokwanira, kusiyana ndi pampu yaikulu ndi batire laling'ono.

Batire la galimoto siliyenera ntchito imeneyi, ngakhale lipezeka msanga ndi motchipa. Analipanga kuti lipereke moto wambiri kamphindi polizitsa injini, kenaka lidzazidwe pomwepo. Lofunika ndi limene alitcha deep cycle, lopangidwira kukhuthulidwa pang'onopang'ono usiku uliwonse. Masiku ano kulinso mabatire a lithium, amene alola kukhuthulidwa kufika magawo asanu ndi atatu mwa khumi, nakhala zaka zambiri, koma mtengo wake uli wokwera, ndipo afuna controller yowayenera.

Kunena zoona, thovu lochokera pansi ligwira bwino ntchito m'madzi akuya, chifukwa liyenda ulendo wautali lisanafike pamwamba. Maiwe ambiri a m'midzi ali akuya mita imodzi kapena mita ndi theka, ndipo m'menemo mbali ya mpweya ithawa isanasungunuke. Pa chifukwa chimenechi alimi aakulu a m'maiko a ku Asia agwiritsa ntchito mapiko ozungulira omenya madzi pamwamba, koma amenewo adya ma watt mazana angapo ndipo afuna masola ndi mabatire oposa thumba la mphakati. Pampu yaing'ono singakhutitse dziwe lonse. Chimene ichita ndi kukonza malo amodzi othawirako, ndipo nsomba zidziwa kuwapeza.

Kaikidwe kake

Boma la Ntcheu liri pafupifupi madigiri 15 kummwera kwa mzere wodula dziko pakati, chifukwa chake sola iyang'ane kumpoto, itapendekeka pang'ono ngati madigiri 15 omwewo. Kuigoneka chathyathyathya kuli kolakwika, chifukwa fumbi ndi madzi zikhazikika pamenepo. Malo ake akhale opanda mthunzi kuyambira 8 koloko m'mawa kufikira 4 koloko madzulo. Alimi ambiri abzala nthochi m'mphepete mwa dziwe, ndipo tsamba limodzi lokha lophimba ngodya ya sola lingachepetse moto koposa m'mene diso liganizira, pakuti timagawo ta m'kati mwa sola tiri tolumikizana ngati mikanda pa ulusi umodzi.

Si lamulo kuti zonse zikhale pa dziwe penipeni. Magetsi a ma volt 12 afooka msanga poyenda pa waya wautali ndi woonda, pamene mpweya uyenda bwino m'paipi yotakata mamita makumi angapo. Ngati nyumba ya mmodzi wa gulu iri pafupi, sola ikhale padenga lake, batire ndi pampu zikhale m'kachipinda kokhoma, ndipo paipi yokha ipite kudziwe itakwiriridwa pansi kuopa dzuwa, ng'ombe ndi makasu. Potero gulu lapewa akuba, amene akonda sola ndi batire koposa nsomba zomwe. Kachipindako kakhale kouma ndi kopita mphepo, chifukwa batire la asidi likamadzaza litulutsa mpweya woyaka. Kandulo, koloboyi ndi fodya zisafike pamenepo.

Polumikiza pali ndondomeko yosayenera kusinthidwa. Choyamba batire lilumikizidwe ku controller, fyuzi iri pa waya wofiira pafupi ndi batirelo. Kabokosi kakayaka, ndiye sola ilumikizidwe, itaphimbidwa ndi thumba kufikira mawaya atamangidwa. Pampu ibwera pomaliza, ndipo ilumikizidwe pa malo ake a pa controller, osati pa batire mwachindunji, pakuti kabokosiko ndiko kadula moto batire likatsika kwambiri, kuti lisaonongeke. Pomasula ayambe ndi sola, amalize ndi batire. Waya wofiira ndi wakuda asasinthanitsidwe. Mabokosi ena ali ndi wotchi yoyatsa ndi kuzimitsa pampu pa maola oikika, ndipo pamene palibe, gulu ligule kawotchi kapadera ka ma volt 12, kapena lisankhe munthu woyatsa pokagona.

Pampu ikhale pamwamba kuposa madzi a m'dziwe. Ikakhala m'munsi, pozima madzi abwerera m'paipi nalowa m'kati mwake, ndipo kavalavu kaja kali kotchinga zimenezi. Mwala wa thovu uikidwe ku mbali yakuya ya dziwe, koma usagone m'matope. Aumangirire pa njerwa, kuti ukhale pamwamba pa matope ngati kutalika kwa chikhatho, ndi chingwe chofika kumtunda kuti azitha kuukoka osalowa m'madzi.

Chenjezo lina liri la dziwe lakale la matope akuda onunkha ngati dzira loola. Fungo limenelo liri mpweya wa poizoni wogona pansi, ndipo makina akayatsidwa usiku wonse tsiku loyamba, autukula, nsomba n'kufa chifukwa cha makina omwe anagulidwa kuti azipulumutse. Tsiku loyamba pampu iyende theka la ora masana, lachiwiri ora limodzi, lachitatu maola awiri, ndipo pakutha pa sabata ingayambe ntchito yake ya usiku.

Makina akavuta

Gulu likhale ndi kachipangizo koyezera magetsi, ngakhale kotchipa, kapena lizolowere kuwerenga manambala a pa controller. Batire la asidi la ma volt 12, litapuma ora limodzi losadzazidwa ndi losagwira ntchito, lionetsa pafupifupi 12.7 likakhala lodzaza, 12.2 likakhala pa theka, ndipo pansi pa 11.8 liri pafupi kutheratu. Sola yomasulidwa, padzuwa lowala, ionetsa ma volt 20 kapena kuposerapo pang'ono. Manambala awa aweruza milandu yambiri imene pakamwa singathe.

Pampu ikakhala chete osalira n'komwe, woyang'anira ayambe ndi zapafupi. Fyuzi yapsa kodi? Mawaya amasuka, kapena pa mitu ya batire pamera zoyera zonga ufa? Zimenezo zichoka ndi madzi ofunda osakaniza soda, moto utamasulidwa. Aonenso m'kati mwa kabokosi, pakuti nyerere ndi mavu zikonda kumanga m'malo ofunda, ndipo makoswe adya mawaya.

Pampu ikamalira koma thovu osaoneka, vuto liri pa njira ya mpweya. Amasule paipi pa pampu naike chala pa kamwa pake. Ngati mpweya utuluka mwamphamvu, pampu iri bwino, ndipo paipi yapindika, yabooka, kapena mwala watsekeka ndi ndere ndi matope. Pobooka papezeka popaka madzi a sopo m'malo olumikizira. Mwala atsuke ndi burashi nauyanike padzuwa, ndipo n'kwanzeru kukhala ndi miyala iwiri yosinthanitsa. Ngati mpweya utuluka mofooka, kawirikawiri chang'ambika ndi kamphira kopyapyala ka m'kati, kamene kakankha mpweya. Kamphira aka kamatha monga nsapato ithera, ndipo mwala wotsekeka ukafulumizitsa kung'ambika chifukwa pampu ikankha molimbana. Pogula pampu gulu lifunse ngati timphira tosinthira tipezeka, ligulenso tiwiri tsiku lomwelo. Pampu yopanda zosinthira iri ya chaka chimodzi. Kansalu kosefa fumbi polowera mpweya kachapidwe mwezi uliwonse m'chilimwe.

Vuto lofala koposa, ndiponso lobisika koposa, ndi la makina amene ayamba bwino pokagona koma azima pakati pa usiku. M'mawa dzuwa likatuluka ayambanso kulira, ndipo wofika 7 koloko awapeza ali bwino, nadabwa kuona nsomba ziri pamwamba. Chifukwa chake sikokwanira kuyendera makina masana. Kamodzi pa sabata, makamaka m'miyezi yotentha, wina adzuke atambala akulira apite ndi tochi akaone ngati thovu likutuluka.

Akapeza pampu itazima, zifukwa zake ziri zitatu. Choyamba, batire silikudzaza masana. Kuyambira Ogasiti kufikira mvula itagwa, fumbi, phulusa la moto wa m'tchire ndi zitosi za mbalame ziphimba sola. Aipukute ndi nsalu yofewa ndi madzi oyera m'mamawa isanatenthe, aonenso ngati mtengo umene unali waufupi chaka chatha sunakule. Chachiwiri, batire lakalamba. Batire lokalamba lidzaza msanga, nilithanso msanga, monga chidebe chimene chadzala mchenga. Ngati liri la zitsekero, madzi ake aphimbe timbale ta m'kati nthawi zonse, ndipo owonjezera akhale madzi a batire ogula, osati a pachitsime, osatinso asidi.

Chachitatu chiri cha anthu, ndipo n'chimene akatekisiti ayenera kuchitchula poyera pa msonkhano makina asanagulidwe. Pamudzi pamene palibe magetsi a ESCOM, batire lodzaza liri chiyeso chachikulu. Wosunga atchaja foni yake, mawa ya mlamu wake, mkuja mafoni asanu a anansi pa kamtengo pang'ono. Pa Loweruka anyamata apempha kuonera mpira, pa maliro afuna nyale, ndipo akwaya abwereka batire kuti aimbire zokuzira mawu, nalibweza Lolemba litatheratu. Palibe mmodzi wa iwo amene aganiza kuti akuba, koma wailesi ya kanema yoyaka maola atatu ingadye gawo lalikulu la moto wa usiku umenewo, ndipo olipira ndi nsomba za gulu lonse. Kukana mnansi pa maliro kuli kovuta kwa munthu mmodzi, chifukwa chake lamulo lichokere ku gulu ndipo lilembedwe, kuti wosunga akhale ndi pobisala. Gulu lofuna kutchaja mafoni ligule kasola kena kapadera. M'buku lomwelo mulembedwe nambala ya batire madzulo ndi m'mawa, tsiku lotsuka mwala, ndi ndalama zopatulidwa pa zokolola zonse zogulira batire latsopano, pakuti la asidi, ngakhale lisamalidwe chotani, likhala zaka zochepa chabe.

Batire lakufa lisatayidwe m'dziwe, m'dimba kapena kudzala kumene ana asewera, ndipo lisaswedwe pakhomo. Mtovu wake uononga ubongo wa ana, ndipo asidi atentha khungu ndi maso. Libwezedwe kwa ogula mabatire akale. Papa Francis m'kalata yake ya Laudato Si' ya chaka cha 2015 analimbikitsa mphamvu zosaononga chilengedwe, nadandaulanso za zinyalala za poizoni zimene zivutitsa osauka koposa onse, ndipo makina a dzuwa akhudza mbali zonse ziwiri.

M'mawa wa ngozi

Nsomba zikapezeka pamwamba zikumeza mpweya m'bandakucha, ndipo makina afa kapena palibe, nthawi yofunafuna wolakwa si imeneyo. Atsegule ngalande kuti madzi atsopano alowe akugwa pa miyala, ndipo ngati dziwe liri ndi paipi yotulutsira, atulutse madzi apansi. Anthu atunge madzi a pamwamba ndi ndowa nawathirenso kuchokera m'mwamba, ena amenye pamwamba pa madzi ndi nsungwi, koma asalowe m'dziwe kupondaponda matope. Tsiku limenelo ndi lotsatira lake nsomba zisadyetsedwe, manyowa asathiridwe. Ngati zathinana, avuule zazikulu zikali zamoyo akagulitse.

Pambuyo pake ndiye afufuze, ndipo dziwe lenilenilo lichitira umboni. Kukakhala kusowa mpweya, zifa m'mawa, ziyamba zazikulu, zotsala zitsitsimuka dzuwa likakwera, achule ndi tizilombo ta m'madzi tikhala bwino, ndipo mlamba upulumuka chifukwa uli ndi chiwalo chopumira mpweya wa panja. Kukakhala mankhwala, zifa ora lirilonse, kawirikawiri ziyamba zazing'ono, zisambira mozungulira ngati zoledzera, ndipo achule ndi tizilombo tifera limodzi. Ngakhale pamenepo si nthawi zonse pali njiru. M'boma lolima tomato, kabichi ndi mbatata ya kachewere monga la Ntcheu, munthu angatsuke mpope wake wopopera mbewu kumtunda kwa mtsinje osadziwa kuti ngalande ya dziwe imwa pomwepo. Nsomba zikakhala ndi zilonda zofiira pathupi, amenewo ndi matenda, onga amene anabuka ku Mchinji m'chaka cha 2020, ndipo nsomba, maukonde ndi madzi a dziwe lotere zisapite ku dziwe lina. Pamene pali chikaiko cha mankhwala kapena matenda, nsomba zakufazo zisadyedwe, zisagulitsidwe, zisapatsidwe nkhumba kapena agalu. Zikwiriridwe m'dzenje lakuya kutali ndi madzi, ndipo mlangizi wa za nsomba wa boma aitanidwe tsiku lomwelo, madzi asanasinthe.